Wam'foni ndi Wapepala

4 Malichi

Okondedwa Amayi ndi iwe Mzime,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko. Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira ndipo ntchito yachuluka kwambiri.

Musadabwe kulandira kalata yolemba pamanja. Sindinagwirepo envelopu chichokereni kusukulu, moti positi ofesi ndachita kufunsira kwa mlonda wa pageti. Nkhani yake ndi iyi: akuba a pa intaneti andilanda akaunti yanga ya mauthenga. Nambala ija, chithunzi changa chovala tayi chija, zonse zili m'manja mwawo. Choncho kuyambira lero, aliyense wolemba uthenga kapena kuimba foni n'kumati ndi ine, dziwani kuti ndi wakuba. Musayankhe. Akaimba, dulani. Ine weniweni ndizibwera papepala basi, mpaka zinthu zitakhala m'malo.

Musandifunse kuti zachitika bwanji kwa munthu amene ntchito yake ndi kuteteza makampani kwa akuba omwewa. Nkhaniyo ndi yaitali ndipo simungaimvetse. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti umbava umenewu wafalikira dziko lonse lapansi. Mu ofesi mwathu muli mapu aakulu owala pakhoma, ndipo dziko lililonse limene anthu ake akuberedwa limasanduka lofiira. Mayiko olemera ndiye afiira psu, chifukwa n'kumene kuli zoba. Koma tsopano ngakhale mayiko osauka ayamba kufiira, pakuti aliyense ali ndi foni ndipo ndalama zikuyendera momwemo. Kwathuko kunali kobiriwira pamene ndinkayamba ntchito. Pano kukuoneka ngati papaya lakupsa mbali imodzi.

Mzime, uwawerengere Amayi kalatayi pang'onopang'ono, kawiri. Undiuzeko za kumeneko, mwachidule.

Ndine wanu,
Mwana wanu woyamba


29 Malichi

Achimwene,

Landirani moni wathu. Tonse tili bwino, kupatula makina anga osokera amene ayamba kudumphitsa ulusi. Inu muli bwanji ndi kuzizira kwanuko?

Kalata yanu yafika dzana, itakalamba panjira. Wapositi anakana kuisiya pageti, anati akufuna aone nkhope za anthu amene akulandirabe makalata masiku ano. Ndinawawerengera Amayi kawiri monga munalamulira. Nditamaliza anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Ameneyu ndi mwana wanga uti?"

Achimwene, mwachedwa. Mnzanuyo anafika kale mu Januwale. M'mawa uliwonse foni ya Amayi imalira, chithunzi chanu cha tayi n'kutulukira: "Mwadzuka bwanji Amayi anga? Bondo lagona bwanji? Mankhwala mwamwa?" Akuti ku ofesi salola kuimba, ndiye iye amalemba, Amayi n'kumayankha pojambula mawu. Inu mukuwadziwa Amayi akayamba nkhani. Amayambira pa bondo, n'kudzera ku nkhuku, n'kukhotera kwa malemu Bambo, n'kukatulukira pa mtengo wa sopo. Ine ndimadula siketi, kuisoka, kuika zipi, iwo akali kulankhula. Koma munthu uja amamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa amafunsa mafunso. Tsiku lina anafunsa ngati nkhuku yotsimphina ija yapezako bwino. Ine, mwana wogona nawo nyumba imodzi, sindinkadziwa n'komwe kuti tili ndi nkhuku yotsimphina.

Ndinawauza kuti, "Amayi, wa m'foniyu ndi wakuba, achimwene enieni ndi awa alemba kalatawa."

Iwo anati, "Wandibera chiyani?"

Zoonadi, mpaka pano sanapemphe ngakhale khobidi. Kenako anaitembenuza kalata yanu uku ndi uku, anainunkhiza, n'kunena kuti, "Nanga wapepalayu umboni wake uli kuti? Pepala aliyense atha kugula kugolosale. Ine wandipatsa moni wa mzere umodzi, mapu wawapatsa theka la tsamba."

Ndiye m'nyumba muno muli ana aamuna awiri tsopano. Wina ndi Wam'foni, wina ndi Wapepala. Wapepalayo ndi inu. Musandikwiyire, dzinalo sindinapereke ndine.

Chondivuta n'chakuti Amayi anenepako. Akudya bwino, akuimba potsuka mbale, mankhwala sakuphonya. Madiresi awo awiri ndachita kuwamasula m'chiuno. Ndiuzeni chochita, inuyo akatswiri. Ndipo poyankha mufotokozenso bwinobwino mmene anakuberani, chifukwa alamu anu akuti tulo sakutiona mpaka atamva.

Mlongo wanu,
Mzime


17 Epulo

Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu. Kalata yako ndailandira ndipo sindinaseke ngakhale pamzere umodzi.

Iwe ukuyesa masewera. Anthu amenewa ndimawadziwa, ndi amene amandidyetsa. Si kamnyamata kokhala pakhonde ndi foni yosweka ayi. Ndi magulu okhala ndi maofesi, mabwana ndi nthawi yoweruka, ena ali kutsidya lina la dziko. Amalemba chinenero chilichonse, akapanda kuchidziwa kompyuta imawamasulira. Munthu amamuweta kaye miyezi, kumunenepetsa ndi mawu okoma, tsiku lake likakwana ndiye amatulutsa mpeni. Kunenepa kwa Amayi ukunenako n'kumene kukundiopsa.

Uwalande foniyo. Ukalephera, tichita zimene timachita kuno pofuna kudziwa ngati munthu ndi mwini akaunti weniweni: timamufunsa mafunso achinsinsi. Uwauze Amayi alembe mafunso angapo a za m'banja mwathu, amene mwana wawo yekha ndiye angawayankhe. Atumize kwa ine, atumizenso kwa wakubayo. Adzaona okha kuti mwana wawo ndi uti. Njira imeneyi ndaphunzitsapo anthu a m'mabanki pamisonkhano ikuluikulu, atavala masuti, ndipo sinandichititsepo manyazi.

Za mmene anandibera, uwauze alamu agone. Unali uthenga wonena kuti ndasankhidwa kukalandira mphoto ya katswiri wa chitetezo cha pa intaneti, ndingodina penapake kuti nditsimikize. Unalembedwa bwino kwambiri, ndipo aliyense akanadina. Zimenezi usawauze Amayi.

Ndiponso dzina la Wapepala lithe lero lomwe.

Achimwene ako


6 Meyi

Kwa Wapepala, amene akuti ndi mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino, zikomo, ngakhale simunafunse kwenikweni. Pepani kuti ndikukulemberani mwaulemu ngati mlendo, sitinadziwanebe.

Mzime wandiuza za mayeso anu ndipo ndawakonda. Ndinkayesa kuti fizi tinangotaya, koma nzeru iyi ndi yabwino. Mafunso ndi awa, ndipo mnzanu ndamupatsa omwewa. Mzime ndamuletsa kukuthandizani. Ndamuuza kuti akangokunong'onezani, makina ake achoka pakhonde panga.

Bondo limene limandivuta ndi liti, ndipo linayamba bwanji?

Chipinda chakuseri, chimene mukuti munkagonamo, mukugona ndani pano?

Geti lathu ndi la mtundu wanji?

Mnzanga wapamtima uja ndinkapita naye kumsika ali kuti?

Ndikakhala ndekha pakhonde madzulo, ndimaopa chiyani?

Lembani zooneka, magalasi anga atopa. Ndamva kuti mumakonda kulandira mphoto. Mukakhoza ndikukonzerani ina, yosachita kudina.

Ine,
Mayi wa Mzime ndi mnyamata wina


25 Meyi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo likupezako bwino. Mwaona, ndafunsa.

Ndisanayankhe ndinene kuti mafunsowa sanakonzedwe mwa dongosolo. Funso lachinsinsi limayenera kukhala la zinthu zakale zosasintha, monga dzina la galu wathu woyamba kapena sukulu imene ndinayambira. Inu mwafunsa za masiku ano zokhazokha. Komabe ndiyankha.

Bondo ndi lakumanja. Ndikukumbukira bwino kuti munkaligwira ndi dzanja lamanja. Linayamba chifukwa cha ukalamba.

M'chipinda changa simugona munthu. Muli mabuku anga ndi njinga ija, ndipo ndikhulupirira palibe wazigwira.

Geti ndi lobiriwira. Ndinalipenta ndekha.

Mnzanu wamtali uja, woseka kwambiri uja, ali kwawo kuseri kwa sukulu. Mundiperekere moni.

Lomalizalo si funso lachinsinsi, ndi la maganizo chabe. Koma ndinganene kuti mumaopa akuba, ndipo mukuchita bwino kuwaopa.

Amayi, ine ndine mwana wanu. Munandibereka Lachiwiri kukugwa chimvula, munandiuza nokha. Pachala changa chakumanzere pali chipsera cha mpeni wanu wosendera mbatata. Zimenezi wakuba sangazidziwe. Nkhaniyi ithere pomwepa, foniyo mupatseni Mzime aichotse nambala ija.

Koma Mzimeyo ndidzakambirana naye za pakamwa pake.

Mwana wanu weniweni


14 Juni

Achimwene,

Moni. Tili bwino, makina anakonzedwa. Inu muli bwanji? Yambani mwakhala pansi musanapitirize.

Mwalakwa mayeso. Amayi anachonga ndi cholembera chofiira chimene anabwereka kwa aphunzitsi ochita lendi m'chipinda chanu. Eya, m'chipinda chanu. Analowamo chaka chatha. Mabuku anu ali m'katoni pamwamba pa kabati, njinga inagulitsidwa kalekale. Bondo ndi lakumanzere, linayamba atagwa kubafa, tsiku lija ndinakuimbirani inu n'kundiuza kuti muli pamsonkhano mundiimbiranso. Geti lobiriwira lija linadyeka ndi dzimbiri, pano tili ndi lakuda. Mnzawo uja mwamupatsa moni anamwalira mu Seputembala. Pamenepo Amayi sanachonge. Anangoika cholembera patebulo n'kutuluka kukaona nkhuku, ndipo ine nthabwala zinandithera.

Wam'foni wakhoza onse. Ngakhale lomaliza lija akuti wakhoza, koma yankho lake akukana kundiuza. Za Lachiwiri lamvula ndi chipsera musadalire, Amayi anamuuza okha mu Febuluwale, pamodzi ndi nkhani ya mmene munakodzedwera pa siteji tsiku la sewero la kusukulu. Akuti Wam'foniyo anatumiza tinkhope toseka mpaka misozi.

Tsopano mpeni munkanena uja watuluka. Sabata yatha analemba kuti akufuna kuwasamutsira penshoni ya malemu Bambo ku akaunti ina ya chiwongola dzanja chabwino, ndiye amutumizire chithunzi cha chitupa, cha khadi la ku banki, ndi nambala yachinsinsi. Amayi anayankha kuti, "Chabwino mwanangu, iwe ndiye wodziwa."

Chithunzi choyamba chinatuluka chala chawo. Chachiwiri denga. Chachitatu chitupa ndithu, koma kapu ya tiyi itakhala pamanambala. Munthu uja wakhala akuwaphunzitsa kujambula sabata yathunthu, moleza mtima ngati mphunzitsi wa sukulu ya mkaka: "Kwezani pang'ono Amayi, chotsani chala Amayi, mwayesetsa Amayi." Sindikudziwa ngati ndi ukalamba kapena n'chiyani, chifukwa zithunzi za nkhuku amajambula zooneka mpaka nthenga.

Koma dzulo andiuza kuti Lolemba apita ku banki kukafunsa nambala yachinsinsi, akuti aiwala. Ndinayesa kuwabera foni akupita kosamba, analowa nayo kubafa. Pogona amaiika pachifuwa. Nditawakalipira anati, "Mwana wakhoza mayeso, ndimumane bwanji? Mayesowo ndinayambitsa ine?"

Achimwene, penshoniyo ndi imene imawagulira mankhwala. Chitanipo kanthu, koma chonde osati mayeso ena.

Mlongo wanu,
Mzime


2 Julaye

Amayi anga,

Muli bwanji? Ndikufunsa zenizeni. Bondo lakumanzere lili bwanji?

Kalata ya Mzime itangofika ndinakuimbirani pa foni ya ku ofesi. Nditangoti, "Amayi, ndi ine," munayankha kuti, "Wapepala anati aliyense woimba ndi wakuba," n'kudula. Ndinaimba mobwerezabwereza, inu kudula mobwerezabwereza. Ndinaimbira Mzime kuti akupatseni foni yake, munamuuza kuti akubawo afika mpaka kwa telala. Mnzanga wa desiki yoyandikana nane anafunsa kuti chavuta n'chiyani, ndinamuuza kuti kasitomala wina akutsatira malangizo anga mopitirira muyeso.

Mzime akuti Lolemba lija munapitadi ku banki, nokha, mutavala diresi la maluwa, ndipo chibwerereni simukunena kalikonse. Amayi, ine chakudya sichikulowa. Ngati ndalama zapita, zapita, za mankhwala ndizikutumizirani mwezi ndi mwezi. Chimene chikundiwawa si chimenecho. Ndimakhala tsiku lonse maso pamapu aja, ndikudziwa mayiko amene akuberedwa kwambiri ndi amene akubera anzawo, koma sindinadziwe kuti mnzanu anamwalira. Pepani chifukwa cha moni uja. Ndikuchita nsanje ndi wakuba, Amayi, ndipo kuno kulibe munthu amene ndingamuuze zimenezi osandiseka.

Tchuthi andikaniza mpaka Disembala. Chonde ndiyankheni, ngakhale ndi cholembera chofiira.

Ndine,
Wapepala


21 Julaye

Mwana wanga,

Moni. Bondo lilipo, kukangozizira ndiye limalankhula. Iwe ukudya? Kalata yako yomaliza zilembo zake zaonda.

Ika mtima m'malo, penshoni ya bambo ako ili pomwe anaisiya. Ku banki ndinapita kukawauza kuti aliyense wofuna kugwira ndalama imeneyo ayambe wawaonetsa nkhope yanga. Kenako ndinagula ayisikilimu, ndinadya pa benchi ndikuonera magalimoto, n'kubwerera. Mzime sindinamuuze chifukwa akada nkhawa amakolopa nyumba yonse, ndipo nyumba inali itada.

Kodi umayesa kuti amako apusa? Tsiku loyamba ndinasangalala, ndinati mwana wanga wakumbuka kuti ali ndi mayi. Mawa lake ndinakayika. Atalembanso mkucha wake ndinadziwa kuti si iwe, pakuti iwe ukalemba masiku otsatizana ndiye kuti wagonekedwa m'chipatala kapena ukufuna kukwatira. Koma ndinati, uyu wabwera kudzandibera, ayambe wagwira ntchito. Akuba a kale ankaswa zenera n'kunyamula wailesi osapereka ndi moni womwe. Uyu wandimvetsera miyezi yonseyi, wandikumbutsa mankhwala, wandiwerengera tizilembo ting'onoting'ono ta pabotolo, ine osamulipira kanthu. Ukaona pamapu ako dziko lina litafiira mwadzidzidzi, n'kwawo kwa mnyamatayo, ndamubera ndine.

Pano wapita. Nditamutumizira chigongono changa m'malo mwa khadi, analemba mosiyana ndi kale, popanda "Amayi anga". Anati abwana ake amuuza kuti andisiye, ndamudyera nthawi.

Anati, "Munadziwa eti?"

Ndinati, "Eya mwanangu, nawenso unadziwa kuti ndadziwa."

Anandiuza kuti nambala yachinsinsi ndisadzauze munthu aliyense, ngakhale iwe amene. Ndinamufunsa ngati ali ndi mayi kwawoko. Chithunzi chako cha tayi chinangozimiririka. Ndisakunamize, ndinalira. Kulirira mbava pa msinkhu wanga uno! Usamuuze Mzime, pakamwa pake ukupadziwa.

Ndalama za mankhwala sunga, ndili nazo. Disembala ubwere akakulola, aphunzitsi aja adzakhala atapita ku tchuthi, ugona pabedi lako. Koma Disembala ndi kutali, ndipo mnzakoyo anandizoloweza zoipa. M'mawa foni ili zii. Dzulo ndinaiwala mankhwala mpaka masana, ndipo nkhuku yakuda yaswa anapiye koma ndilibe womuuza.

Ndiye pano pali ntchito yosowa munthu. Malipiro palibe, tchuthi palibe, ndipo abwana ake amalankhula kwambiri. Amene anali pamalopo anali wakuba, koma sanajombepo. Foni ndasiya kudula. Ukaifuna ntchitoyi, imba m'mawa madzi a tiyi asanawire. Ukachedwa ndilengeza pa intaneti, ndipo ofuna ndi ambiri dziko lonse lapansi.

Mayi ako